Mkombaphala

Zaka makumi awiri ndikuwotcherera mageti ku Kalingalinga
tepi yanga imadziwa njira zitatu basi:
m'litali, m'lifupi, ndi kukwera m'mwamba.
Ndipatseni zitsulo khumi ndi ziwiri,
bokosi mulitenga dzuwa lisanafike paliwombo.

Loweruka lija Zelipa anatsika wapansi kuchokera ku yunivesite,
miyendo ili mbuu ndi fumbi la Okutobala,
nakhazika kompyuta pa mgolo wa penti.
"Atate, pukutani m'manja, muone ntchito yanga."

Pagalasi panali bokosi m'mimba mwa bokosi,
ngodya ndi ngodya zitagwirana ndi timizere.
Ndinawerenga ngati ndikutchulira kasitomala mtengo:
zitsulo makumi atatu ndi ziwiri.
"Zam'katizo n'zazifupi," ndinatero.
"Ayi, zonse n'zofanana. Zonse zili pa sikweya."
Ndinaseka. Yotamu, mnyamata wondigwirira zitsulo,
anaseka mpaka kugwetsa nyundo.

"Ichi n'chithunzithunzi chabe, atate.
Geti lanu madzulo limagona pansi chopendama,
koma geti lenilenilo lili chilili.
Bokosili lili ndi njira yachinayi
imene maso athu sanapatsidwe."

Anakweza dzanja pamaso pa kamera.
Atapendeketsa chikhatho, bokosi linatembenuka
monga amatembenukira mabokosi onse.
Kenako anakumanitsa chala chachikulu ndi mkombaphala
ngati wotsina mchere,
napotoza pang'ono:
lam'kati lija linafufuma, linatuluka, linameza linzake,
lakunja linakwinyika n'kulowa m'kati
ngati sokosi yovulidwa mofulumira.
Palibe chinapindika. Palibe chinathyoka.
Yotamu anatola nyundo mwakachetechete.

"Yesani."

Ndinakweza langa.
Zii.
Ndinalisendeza pafupi, ndinalipukutanso pa ovolosi.
Kamera inandiyang'ana ngati kalaliki wa ku banki.
Mkombaphala wanga anapita ndi galainda
chaka chimene Zelipa ankalemba giredi seveni,
ndipo makinawo anaphunzitsidwa kuwerenga mpaka zisanu.

Mwana wanga anazolika.
"Ndinayesa pa anzanga makumi anayi," anatero chapansipansi,
"sindinaganize."
Ndinati zisiye, ndili ndi mafelemu a ku Mtendere oti ndimalize.
Sanazisiye.
Magetsi anazima nthawi yake ija,
jenereta ya pa butchala inayamba kutsokomola,
iye ali pa njerwa, zala zikugogoda ngati mvula pa malata,
batire likutha, udzudzu ukumudya akakolo.
Kawiri anandiitana ndikweze dzanja. Kachitatu.
Ndinaima mu mdima ngati wapolisi wa pamphambano
woimitsa magalimoto amene kulibe.

Pali chimene sindinauzepo munthu,
ngakhale amake a Zelipa:
chala chija chimandiyabwa.
M'nyengo yozizira chimamva chisanu chisanafike ku zinzake.
Ndimafuna kuchikanda, ndimakanda mphepo.
Sichili m'litali, sichili m'lifupi,
kumwamba kulibe, pansi ndinayang'ana tsiku lomwe lija.

"Tsinani tsopano."
"Ndi chiyani?"
"Monga munkatsinira kale."

Ndinatsina.
Chala chachikulu chinakumana ndi chimene kulibe,
ndinamva kukhudzana kwake, khungu ndi khungu,
ndinapotoza,
bokosi linatsegula mimba yake n'kudzimeza,
pang'onopang'ono, momvera,
ngati chitseko chimene ndachidzoza girisi ndekha.
Kawiri linazungulira.
Galasi linathima.

Tinakhala choncho, osayatsa kandulo.

Lolemba kunabwera mayi wa ku Kabulonga
wofuna geti lotsetsereka, lakuda, la minga pamwamba.
Ndinayeza m'litali, Yotamu analemba.
Ndinayeza m'lifupi. Ndinayeza kukwera.
"Basi?" anafunsa mayiyo, makiyi akulira m'manja.
Tepi inali itabwerera kale m'chikombole chake
koma dzanja langa linali likadali m'malere,
likutsina.